Musagule kagalu musanaone make

Fodya akatha kugulidwa, m'matumba mwa alimi mukalowa kangachepe, pamsika wa Mandimba ndi m'malo oima machapa m'mbali mwa msewu wa N13 pamayamba kuoneka malonda omwe miyezi ina saoneka. Pakati pa ogulitsa mawailesi, matayala a njinga ndi zitenje, nthawi zina mumapezanso mnyamata atakumbatira katoni, m'katimo muli tiagalu titatu kapena tinayi tikulira ndi dzuwa. Mukangoima pang'ono amatulutsa kamodzi n'kukukwezerani kumaso. Amalumbira kuti ndi kachizungu kenikeni, kangofika kumene kuchokera ku Blantyre, ndipo bambo wake ndi galu wa apolisi.

Munthu wa ku Ngauma sagula galu pofuna chidole. Midzi yathu yambiri ya ku Massangulo ndi Itepela ili m'tsinde mwa mapiri, ndipo chimanga chikayamba kukhwima mu Febuluwale ndi Malichi anyani amatsika ngati ochita kuitanidwa. Usiku kumabwera nguluwe. Kuchigafa kuli fodya, m'khola muli mbuzi, ndipo si onse oyenda usiku omwe amakhala akupita kumaliro. N'chifukwa chake bambo akamva kuti pali kagalu komwe kadzakule ngati mwana wa ng'ombe, dzanja limalowa lokha m'thumba.

Ine ndemwe ndidagwa m'mbuna imeneyi zaka zingapo zapitazo. Ndidapereka ndalama zokwana kugula mbuzi yaikazi chifukwa cha kagalu kakuda kumsana, kofiirira miyendo, kamimba kali tuu, ndipo ndidafika nako pakhomo ngati ndabwera ndi mkwatibwi. Ana adakapatsa dzina madzulo omwewo. Patatha masiku anayi kadakana phala. M'mawa mwake kadayamba kusanza ndi kutsegula m'mimba zamagazi, fungo lake losati munthu n'kuima pafupi. Sabata isanathe tidakakwirira kuseri kwa nthochi. Nditabwerera pamalo paja mnyamata uja padalibe, ndipo padalibenso ndi mmodzi yemwe wodziwa kwawo.

Mlangizi wa ziweto yemwe ndidakamudandaulira sadatalikitse nkhani. Adangondifunsa ngati make wa kagaluko ndidamuona. Ndidasowa poyambira.

Chifukwa chake amagulitsa tating'ono

Galu amakhala ndi bere masiku pafupifupi 63. Ana ake amabadwa osaona ndi osamva, maso amatseguka pakapita masiku 10 mpaka 14, ndipo timano timayamba kutuluka sabata yachitatu kapena yachinayi. Pofika masabata 8 timano tonse 28 taubwana timakhala titatuluka, ndipo imeneyi ndiyo nthawi yomwe madokotala a ziweto amavomereza kuti kagalu kasiyane ndi make. Tsono tsegulani kukamwa kwa tiagalu ta m'katoni tija muone. Tambiri timakhala ta masabata anayi kapena asanu, tongoyamba kumene kunyambita phala.

Wogulitsa ali ndi chifukwa chake chofulumirira. Pa msinkhu umenewu tiagalu tonse timafanana: kamutu kozungulira, kamphuno kakafupi, makutu ogwa, miyendo yonenepa. Ka galu wa m'mudzi ndi ka German Shepherd, galu wa apolisi uja, n'kovuta kusiyanitsa ngati mtundu wa ubweya wafanana. Mukafunsa za makutu amakuyankhani kuti adzaima kakakula, ndipo apa sanama, popeza ngakhale German Shepherd weniweni makutu ake amaima patapita miyezi. Pofika nthawi yoti muzindikire kuti makutuwo sadzaima, iye ndalama adadya kale. Ena amadula tiagalu mchira kuti tioneke tachilendo. Mchira wodula si mtundu, ndi lumo chabe.

Koma chinyengo cha mtundu n'chaching'ono poyerekeza ndi chomwe kagaluko kataya. Mkaka woyamba wa make umakapatsa chitetezo ku matenda, ndipo chitetezo chimenechi chimayamba kuchepa kakamafika masabata 6 kunka m'tsogolo. Kakachotsedwa msanga, n'kukhala tsiku lonse m'katoni popanda madzi, pamodzi ndi tinzake tochokera m'makomo osiyanasiyana, matenda amakapeza khomo lili pululu. Nthenda yomwe idapha kanga kaja imatchedwa parvo. Idadziwika koyamba mu 1978 ndipo m'zaka ziwiri zokha idafika pafupifupi dziko lonse lapansi. Imafala kudzera m'chimbudzi cha galu wodwala, ndipo kachilombo kake kamakhala m'dothi miyezi yambiri, mwinanso chaka. Izi zikutanthauza kuti pakhomo pomwe pafera kagalu ndi parvo sipayenera kubwera kena kosabaya katemera, ngakhale mutasesa bwanji. Mbale ndi pansi pa simenti mutha kutsuka ndi javel kapena Jik, muyezo umodzi m'miyezo 30 ya madzi, koma dothi la pabwalo mulibe nalo chochita koposa kudikira.

Palinso china chomwe ambiri sitichiganizira. M'masabata omalizawa ndi momwe kagalu kamaphunzira ugalu. Kakaluma mnzake mopweteka pamasewera, mnzakeyo amalira n'kukasiya, make naye amakang'ung'udzira, ndipo kamadziwa malire a mano ake. Kochoka msanga kamakula kamantha, ndipo galu wamantha ndiye amaluma mwana wa mnansi wobwera kudzapala moto.

Pitani pakhomo pomwe kabadwira

Pogula ng'ombe palibe amene amagula pamsewu usiku. Timapita kukhola, timaona make, timafunsa anansi, timaitana mboni. Galu adzakhala nafe pakhomo zaka 10 kapena kuposa, akugona pakhonde pomwe pamasewera ana athu, ndiye bwanji iyeyo timugule ngati chinangwa chootcha?

Woweta wachilungamo sakana kuti mufike kwawo. Akayamba kuzemba, kunena kuti make ndi wolusa kwambiri, kapena kuti ali ku Malawi kwa bwana wake, dziwani kuti nkhani yatha, bwezani ndalama m'thumba. Mukafika, musathamangire tiana. Yambani mwakhala pansi n'kuyang'ana make. Galu woyamwitsa amatsikako thupi, zimenezo n'zachibadwa, koma asakhale wowerengeka nthiti, wa zilonda m'makutu, wothothoka ubweya ndi mphere, kapena wodzaza nkhupakupa. Onani komwe amagona ngati ndi pouma, ndiponso ngati pali mbale ya madzi. Kenaka onani khalidwe lake. Galu wabwino amauwa mlendo, koma mwini wake akalankhula amakhala chete n'kumakuyang'anirani patali. Yemwe wathawira pansi pa nkhokwe mchira uli pakati pa miyendo sadzakuberekerani mlonda. Yemwe ali pa tcheni usana ndi usiku, woti ngakhale ana a pakhomopo samuyandikira, sadzakuberekerani mlonda koma mlandu. Akuluakulu adati make mbuu, mwana mbuu.

Funsani za bambo wake, ndipo ngati ali m'mudzi womwewo kamuoneni. Funso limeneli ndi lofunika kwambiri kwa ofuna agalu achizungu, kamba koti kuno agalu otere ndi ochepa, ndipo woweta wofuna kusunga mtundu amangokweretsa bambo ndi mwana wake, kapena mlongo ndi mlongo wake. Zilema zobisika m'magazi zimatulukira pamenepo. German Shepherd amadziwika ndi vuto la m'chiuno, pomwe fupa la ntchafu silikhala bwino m'malo mwake. Mwa kagalu simungalione. Limadzaoneka galu atakula, akamadzuka movutikira ndi kuthamanga modumpha miyendo yonse yam'mbuyo pamodzi ngati kalulu. Choncho pemphani kuti makolo onse awiri muwaone akudzuka ndi kuthamanga. Rhodesian Ridgeback, galu wofiira wa mzere wa ubweya wobwerera pamsana uja, ena mwa ana ake amabadwa ndi kabowo pakhungu la pakhosi kapena pamsana komwe kamalowa m'kati. Mukatsina khungu n'kulikweza mumamva ngati kachingwe pakati pa zala. Kabowo kameneka kamadzatukusira mafinya, ndipo kuchiza kwake ndi opaleshoni.

Funsaninso kuti galuyo adabereka liti komaliza. Galu wamkazi amafuna wamwamuna pafupifupi kawiri pachaka, ndipo munthu yemwe waona kuti tiagalu ndi ndalama amamuberekesa ulendo uliwonse mpaka atatheratu. Ana a galu wotopa amabadwa ofooka.

Pali mwayi umodzi womwe ife a kumudzi tili nawo kuposa a m'tauni. Ana omwe galuyo adabereka chaka chatha sadapite kutali. Wina ali kutsidya kwa dambo, wina kwa apongozi a mwini wake. Yendani mukawaone, mufunse eni ake ngati amapirikitsa anyani kapena amangogwira nkhuku za anthu. Ulendo wa ola limodzi umenewu udzakuuzani zambiri kuposa malumbiro onse a wogulitsa.

Mukakhutira ndi make, tsopano sankhani mwana. Kwezani mlomo wake muone nkhama: zikhale zofiirira, osati zoyera mbee, popeza kuyera ndi chizindikiro chakuti njoka zam'mimba kapena nkhupakupa zakamwa magazi. Kamimba kotupa pomwe nthiti zikuoneka si kunenepa, ndi njoka, ndipo ine pamenepa ndi pomwe ndidapusa. Maso akhale opanda manthongo, mphuno yopanda mamina, pansi pa mchira pouma. Pamchombo pasakhale chotupa. Ombani m'manja muone ngati kakumva. Musatenge kogona pakona kokha chifukwa cha chisoni, ndipo ngati kamodzi m'gulumo kakutsegula m'mimba, tonse tisiyeni, ngakhale tomwe tikusewera.

Woweta wabwino naye amakufunsani mafunso: muli ndi ana angati, galuyo azidzadya chiyani, wakale uja adafa bwanji. Musakwiye nazo. Amavomeranso kulandira chikole n'kukusungirani kagaluko mpaka kakwane masabata 8. Ngati mtengo wake ndi waukulu, panganani pamaso pa mboni chomwe chidzachitike kakafa ndi matenda m'sabata yoyamba.

Za mapepala

Mawu akuti galu wa mtundu ali ndi tanthauzo lake kwa eni ake. Ndi galu yemwe makolo ake, agogo ake ndi agogo a agogowo adalembedwa m'kaundula. German Shepherd adayamba kulembedwa ku Germany mu 1899 ndi bungwe lomwe adayambitsa Max von Stephanitz. Maonekedwe oyenera a Rhodesian Ridgeback adalembedwa ku Bulawayo mu 1922. Ku South Africa kuli bungwe la Kennel Union of Southern Africa, lomwe lidayamba mu 1891, ndipo limapereka chikalata cha mbiri ya galu aliyense wolembetsedwa. Chikalata chotere sichipezeka m'katoni ya pamphambano. Galu wopanda chikalatachi atha kukhala wabwino ndithu, koma musalipire mtengo wa chinthu chomwe palibe angakutsimikizireni.

Pepala lomwe lili ndi ntchito kwa ife ndi khadi la katemera. Kagalu kayenera kumwa mankhwala a njoka kuyambira masabata awiri, n'kumabwereza masabata awiri alionse kakadali kakang'ono. Katemera wa parvo ndi matenda ena kamabaya koyamba pa masabata 6 mpaka 8, n'kumabwereza pakapita masabata atatu kapena anayi mpaka kakwane masabata 16. Jakisoni mmodzi sakwana. Pakhadi loona pamakhala tsiku, dzina la katemera, chidindo ndi siginecha ya wobaya. Mukalikayikira, pitani nalo kwa alangizi a ziweto ku ofesi ya SDAE ya boma lanu, kaya ndi ku Massangulo, ku Mandimba kapena ku Cuamba, akalione. Komweko ndi komwe mungafunse za masiku a katemera wa chiwewe.

Chiwewe sichiona msinkhu

Apa ndi pomwe nkhani ya kagalu imasanduka nkhani ya moyo wa mwana wanu. Ambiri timaganiza kuti chiwewe, chomwe pa Chipwitikizi amati raiva, ndi cha agalu akuluakulu oyendayenda. Kagalu nako kamatenga, ndipo kamatha kukhala nacho m'thupi masabata kapena miyezi kakuoneka kabwinobwino. Yemwe amakanyamula, kukapsompsona ndi kulumidwa nako pamasewera ndi mwana. Bala la timano tating'ono palibe amene amapita nalo kuchipatala.

Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati chiwewe chimapha anthu pafupifupi 59,000 chaka chilichonse, ambiri mwa iwo mu Africa ndi Asia, ndipo anayi mwa 10 alionse ndi ana osakwana zaka 15. Pafupifupi onsewa amachitenga kwa galu. Zizindikiro zikangoyamba, palibenso mankhwala. Ku Blantyre komwe wogulitsa uja amanyadira kuti tiagalu take tachokera, madokotala a pa chipatala cha Queen Elizabeth adalemba za ana asanu omwe adamwalira ndi chiwewe m'miyezi itatu yokha, kuyambira Sepitembala mpaka Novembala 2011. Mu 2015 bungwe la Mission Rabies lidabaya agalu oposa 35,000 mumzindawo m'masiku 20, pofuna kufikira agalu 7 mwa 10 alionse, chiwerengero chomwe akatswiri amati chimadula mayendedwe a nthendayi. Ku Lilongwe nako bungwe losamalira nyama la LSPCA lakhala likuchenjeza anthu kuti asamagule tiagalu m'mbali mwa misewu.

Kagalu kodutsa malire a Chiponde ndi Mandimba kali m'thumba la wakabaza, kapena kodzera njira zachidule zomwe tonse tikuzidziwa, palibe angakuuzeni ngati make adabayidwa, kapena ngati makeyo akadali moyo. Galu wowoloka malire mwalamulo amayenda ndi chilolezo ndi chikalata cha dokotala wa ziweto. Wogulitsa akamati kachokera kutsidya, mufunseni mapepala amenewa.

Katemera wa chiwewe kagalu kamabaya kakakwana miyezi itatu, ndipo WHO imalangiza kuti pa katemera wa m'midzi ngakhale tating'ono tisasiyidwe kunyumba. Munthu akalumidwa kapena kukandidwa, ngakhale ndi kagalu ka pakhomo, tsukani balalo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, kenaka pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Musadikire kuti muone. Galuyo mumangeni pabwino masiku 10 mukumuyang'anira, ndipo akadwala, akafa kapena akasowa, kauzeni achipatala ndi alangizi msanga.

Kodi mudzamukwanitsa?

Tinene kuti mwachita mwayi, mwapeza wachizungu weniweni ndipo make mwamuona. Funso latsala ndi la m'nkhokwe. German Shepherd wamwamuna amalemera makilogalamu 30 mpaka 40, ndipo Boerboel wa ku South Africa amatha kupitirira 60. Galu wotere sakula ndi mkute ndi madeya okha. Amafuna usipa, mafupa ndi nyama tsiku ndi tsiku, makamaka chaka choyamba pomwe mafupa ake akukula, ndipo amadya chimodzimodzi mu Januwale pomwe banja lomwe likudya kamodzi patsiku. Mukamumana, miyendo imapindika, kapena amayamba kudzipezera yekha ndiwo m'khola la mnansi, inu n'kukalipa mbuzi kubwalo la amfumu.

Matenda a kuno nawo samusiya. Nkhupakupa zimafalitsa matenda a m'magazi omwe German Shepherd amagwa nawo msanga kuposa agalu ena. Ngakhale asilikali a ku America adataya agalu ambiri a mtundu umenewu ndi nthenda ya nkhupakupa pa nkhondo ya ku Vietnam m'zaka za m'ma 1960, chikhalirecho adali ndi madokotala awoawo. M'madera a tchire momwe muli ntchentche za kashembe, galu wachilendo sakhalitsa.

Galu wathu wachikuda, yemwe timamunyoza ndi kumuponya miyala, makolo ake adafika kuno kum'mwera kwa Africa pamodzi ndi makolo athu zaka zoposa 1,000 zapitazo. Palibe adamusankhira mtundu. Adasankhidwa ndi dzuwa, njala ndi nkhupakupa, ndipo otsalawo ndi omwe adapirira. Ku South Africa anthu ena adafika poyambitsa bungwe mu 1998 loti liteteze galu ameneyu, yemwe adamutcha Africanis, poona kuti akutha ndi kusakanizidwa ndi agalu akunja. Kuganiza kwanga n'kwakuti mabanja ambiri a ku Ngauma galu yemwe akumufuna ndi ameneyu, wosankhidwa bwino, wobayidwa ndi wodyetsedwa. Wachizungu asiyireni wa golosale wa ku Cuamba yemwe ali ndi mpanda wa njerwa ndi ndalama ya dokotala.

Chimodzi chokha, musachedwe. Kagalu kotengedwa mu Disembala kamakhala kakadali khanda chimanga chikamakhwima, ndipo nyani wamkulu amatha kukang'amba pakati. Galu woti adzalondere munda wa chaka chino adayenera kubwera pakhomo chaka chatha, ndipo ngakhale wamkulu asamapite yekha kukakumana ndi gulu la anyani.

Ine nditataya kanga kaja ndidadikira chaka chathunthu kuti dothi lipume. Kenaka ndidamva za galu wina wamkazi wofiirira kumudzi kwa amalume, yemwe mbiri yake yolondera munda idali pakamwa pa aliyense. Ndidapitako katatu: ali ndi bere, ana atatsegula maso, ndi tsiku lokatenga. Mwini wake adandifunsa mafunso ngati ndikufunsira mbeta, ndipo pomaliza adalandira nkhuku yathadzi ndi beseni la nyemba. Galuyo tsopano ali ndi zaka zitatu, khadi lake la katemera limakhala m'chikwama chimodzi ndi makadi a kusikelo a ana. Makutu ake sadaime, limodzi lidangopindika pakati. Chaka chino anyani adadyako mizere iwiri ya kumapeto kwa munda, tsiku lomwe iye adatsatira ana kuchigayo.